Funsani Malume: wikendi ya kutchire nyengo ya masika ino

Malume, ndine bambo wa ana awiri, ndimakhala ku Rosettenville. Ndakhala kuno ku Joni zaka zambiri koma ana anga njovu amangoiona pa TV basi. Abwana andipatsa ofu wikendi ya kumapeto kwa Epulo ndiye madamu akuti tipite kokaona nyama, koma anzanga ku ntchito akuti ku Kruger nkutali komanso nkwa azungu a ndalama. Galimoto ndili nayo yaing'ono, ka Polo kakale. Tilowere kuti poti Lolemba m'mawa ndiyenera kukhala pa ntchito?

Achimwene, madamu anuwo aganiza bwino, amvereni. Zoti kumapaki nkwa azungu zisiyeni, pageti safunsa khungu, amafuna ndalama yolowera ndi chiphaso basi. Koma pa za kutalika anzanuwo sananame, Kruger ndi maola asanu panjira, wikendi yonse ithera pa chiwongolero, komanso Epulo udzudzu wa malungo umakhala usanathe kumeneko. Inu ndi ana anuwo pitani ku paki ya nyama ya Pilanesberg. Ili ku North West kufupi ndi Sun City, maola awiri ndi theka kapena atatu kuchoka ku Joni mukadzera N4 yopita ku Rustenburg nkukhotera R556, ndipo kulibe malungo. Ka Polo kanuko kakwana, misewu ikuluikulu ya mkati ndi ya tala, ina ya fumbi koma yoyendeka mukamapita pang'onopang'ono.

Malo amenewa ndi chigwa cha phiri lamoto lomwe linazima kalekale, mapiri anachita kuzungulira mizeremizere ndipo pakati pake pali damu la Mankwe. Kale anali mafamu, mu 1979 ndi pomwe anatchinga mpanda nkuyamba kubweretsa nyama zoposa 6,000 pa ntchito yomwe ankaitcha Operation Genesis. Lero muli njovu, mikango, zipembere, njati, akambuku, akadyansonga, mbidzi, mvuu ndi ng'ona. Sindikulonjezani kuti muona zonse ayi, kambuku ndi wobisala kwambiri, koma njovu ndi mbidzi ana akaziona ndithu.

Nyengo mwasankhayi ndi yabwino zedi. Mvula imakhala ikutha, dzuwa silikuwotchanso ngati Disembala, udzu wayamba kufiira ndi kugwa ndiye maso amafika patali. Ndi nthawinso yomwe nswala zamphongo zimalimbirana zazikazi, mumva kubangula mtchire inu nkumati ndi chilombo chachikulu, kuyang'ana bwino kanswala kakuthamangitsa kanzake mchira uli mmwamba. Ana amasangalala nazo zimenezi kuposa mkango wogona pansi pa mtengo.

Chomwe ndikukupemphani kwambiri ndi ichi, musapite nkubwerera tsiku lomwelo. Anthu ambiri amanyamuka ku Joni atamwa kale tiyi, kufika dzuwa lili paliwombo nyama zonse zili pamthunzi, azungulira maola atatu ana atopa ayamba kulira, kenako abwerako nkumauza anzawo kuti kulibe kanthu. Nyama zimayenda mbandakucha ndi madzulo. Ndiye nyamukani Loweruka m'mawa, mukagone ku Manyane kapena ku Bakgatla komwe kuli malo okhomapo tenti komanso tinyumba tolipira, madzulo mulowe kamodzi, Lamulungu mukhale pageti asanatsegule, tiyi ali mu fulasiki, mandasi ali m'kontena. Mukafika pa damu la Mankwe pali kanyumba kobisaliramo komwe amalola kutsika, mumayenda pa kamlatho kamatabwa kotchingidwa mbali zonse nkukakhala phee pa benchi, mvuu zikufwenthera pafupi pomwepo, mbalame zikudumphira nsomba. Pamenepo khalanipo nthawi, musathamange.

Kwina konse musatsike m'galimoto olo mwana atapanikizika bwanji, dikirani malo otchingidwa, alipo angapo okhala ndi zimbudzi. Liwiro lisapitirire makilomita 40 pa ola. Njovu ikaima pamsewu ipatseni mpata, musaimbe hutala, makamaka ikakhala ndi mwana, ka Polo kwa njovu sikanthu. Anyani musawapatse chakudya ndipo mawindo tsekani akayandikira.

Za ndalama, chodula ndi malo ogona, ndiye tenti yobwereka kwa mnzanu wa kutchalitchi ikupulumutsani. Ufa, kapoto, nyama yootcha ndi makala nyamulani kunyumba, malo ootchera alipo. Bukanitu msanga chifukwa pa 27 Epulo ndi pa 1 Meyi ndi maholide kuno, malo amadzaza. Majuzi ndi mabulangete musaiwale, usiku kumazizira kale nthawi imeneyi. Lamulungu masana nyamukani, mufike kunyumba kusanade.

*

Malume, ife ndi ine ndi amuna anga basi, ana ali kumudzi ku Ntcheu ndi agogo awo. Za mikango sizitikhudza kwenikweni, tikungofuna kopumirako mphepo, phokoso la ku Hillbrow latikwana. Ndine mayi wogwira ntchito ya m'nyumba.

Achemwali, inu kwanu ndi ku Golden Gate Highlands, ku Free State kufupi ndi malire a Lesotho. Ndi maola atatu ndi theka kapena anayi, mudzere N3 mpaka Harrismith kenako R712, ndipo sungani ya matolugeti. Pakiyi inakhazikitsidwa mu 1963, dzina lake linachokera ku matanthwe ake akuluakulu omwe dzuwa likamalowa amawala ngati golide, makamaka lija amalitcha Brandwag lomwe lili pamwamba pa kampu ya Glen Reenen. Kulibe mikango kapena njovu ndiye mumayenda wapansi momasuka, mukwera mpaka pamwamba pa thanthwelo nkumaona nchefu, mbidzi ndi nyumbu zikudya m'munsi. Kumapeto kwa Epulo mitengo ya mumsewu wopita ku tauni ya Clarens imasanduka yachikasu yonse masamba asanayoyoke, anthu amachokera kutali kudzangojambula zimenezo.

Koma kuzizira kwake musakuderere poti ndinu a ku Ntcheu. Kumeneko nkokwera kwambiri, Meyi akamayamba m'mawa udzu umayera ndi chisanu, ndiye zipewa, masokosi ndi jekete lenileni, osati kajuzi ka fashoni.

Pakiyi ili m'manja mwa SANParks, bungwe loyang'anira mapaki a dziko lino, ndipo iwo ndalama yolowera anaigawa patatu, ya eni dziko, ya anthu a maiko a SADC, ndi ya alendo ochokera kutali yomwe ndi yokwera kwambiri. Malawi ili mu SADC, choncho nyamulani mapasipoti anu muwaonetse pa ofesi kuti akulipiritseni mtengo wapakatiwo. Ngati galimoto mulibe, pezani banja lina lomwe lili nayo musonkherane ya mafuta, chifukwa pa takisi mukafika movutikira ndipo mkati mwa paki simungayende bwino. Abwana anu auzeni lero lomwe za ofu, asadzakudzidzimutseni ndi alendo Loweruka.