Kuyankha Azakhali pa za geti lachitsulo la kuseri kwa nyumba

Azakhali, mwaswera bwanji, pamodzi ndi abale onse amene muli pagulu lino? Ndamvetsera uthenga wanu ndipo ndaona kuti ndiyankhe pompano kuti enanso amene akumanga amve nawo. Mwati mukufuna kuika geti lachitsulo pampata umene unasiyidwa pampanda wa njerwa kuseri kwa nyumba, potulukira kudimba ndi kukhola la nkhuku, ndipo mmisiri wowotcherera wakutchulirani mitengo iwiri, wa geti lotseka ndi shiti yathunthu ndi wa geti la mipiringidzo. Mwafunsanso ngati kuli kotheka kungomangirira mahinji kuchipupa cha mpanda kuti ndalama isapite pa mizati.

Ndiyambe ndi funso lomalizali, chifukwa ndi pamene pagona nkhani yonse. Musalole kuti geti lilendewere pachipupa chimenecho. Mpanda wanu ndimaudziwa, njerwa zake anazimanga ndi dothi ndipo simenti inangopakidwa kunja. Geti likapachikidwa, kulemera kwake kumakoka hinji yapamwamba kuti izuke kwinaku kukukankhira hinji yapansi m'kati mwa chipupa, ndipo nthawi iliyonse imene mwana walimenyetsa potseka, njerwa zogwira mahinji zimagwedezeka pang'ono. Poyamba mudzaona kamng'alu kakang'ono m'mbali mwa hinji yapamwamba, kenako geti lidzayamba kukhula pansi, ndipo mapeto ake aliyense wofuna kudutsa azidzayamba walinyamula. Anthu ambiri akafika pamenepa amanena kuti wowotcherera anapanga geti loipa, pamene vuto lili pa chimene getilo latsamira.

Choncho geti likhale ndi mizati yakeyake iwiri yachitsulo, yoima payokha pafupi ndi chipupa. Pa geti laling'ono ngati lanuli, chubu cha makona anayi cha mamilimita 75 mbali zonse, chokhuthala mamilimita 3, ndi chokwanira. Dzenje la mzati uliwonse likhale lakuya masentimita 60 ndi lotambalala masentimita 40, ndipo ngati nthaka ya pamalopo ndi yamchenga kapena imasunga madzi nthawi ya dzinja, alikumbe mopitirirapo. Izi zikutanthauza kuti ngati geti ndi lalitali mamita 1.8, mzati udulidwe pafupifupi mamita 2.5, kuti gawo lolowa pansi lisabedwe pa msinkhu wa geti. Kumunsi kwa mzati awotcherereko tizidutswa tachitsulo topingasa, kuti konkire ipeze pogwira ndipo mzati usamazungulire m'dzenjemo. Pamwamba pake atsekepo ndi kachitsulo kophwatalala, chifukwa mzati wosatseka umamwa mvula chaka chilichonse ndi kuola kuyambira m'kati, kumene penti siifika.

Konkire yake asakanize muyezo umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga wakumtsinje ndi inayi ya miyala ya kwale, poyeza ndi chidebe chimodzimodzi osati ndi maso. Madzi asachuluke. Akamathira azitsinira ndi ndodo kuti musatsale mphako, ndipo pamwamba pa konkire apange kamtunda kotsetserekera kunja kuti madzi asamaime patsinde pa mzati. Konkire isanagwire, mmisiri aike levulo, chida choonera ngati chinthu chaima moongoka, mbali ziwiri zoyandikana za mzati, chifukwa mzati ungathe kuoneka woongoka mukaima kutsogolo pamene wapendekera cham'mbali, ndipo akaukhazika bwino auchirikize ndi matabwa. Kenako pamafunika kudekha. Konkire izithiriridwa madzi m'mawa ndi madzulo kwa masiku 7, ndipo geti lisapachikidwe masiku amenewa asanathe. Mphamvu yake yonse imakwana pakatha masiku 28, koma pakatha sabata imakhala italimba mokwanira kunyamula geti laling'ono. Amisiri ena amafuna kudzala mizati m'mawa ndi kupachika geti madzulo a tsiku lomwelo kuti alandire malipiro asabwerenso, ndipo mzati umene wakokedwa konkire ili yaiwisi sudzaongokanso.

Asanakumbe, Azakhali, kumbukirani bwino njira imene inadutsa paipi ya madzi yopita kumpopi wakuseri ndi paipi yochokera kubafa, popeza zonsezi sizikhala pansi kwenikweni ndipo piki imodzi ingathe kukubweretserani ntchito imene simunaikonzekere.

Tsopano pa kusankha pakati pa shiti ndi mipiringidzo. Shiti yathunthu ili ndi ubwino woti odutsa saona zimene zili pabwalo, monga zovala zoyanika, matumba a chimanga kapena njinga, koma imabwera ndi zinthu ziwiri zimene mmisiri mwina sanakuuzeni. Choyamba ndi kulemera. Shiti yokhuthala milimita imodzi imalemera pafupifupi makilogalamu 8 pa sikweya mita iliyonse, kotero pa geti la mamita 1.2 m'lifupi ndi 1.8 m'litali, shiti yokhayo ikuposa makilogalamu 16 tisanawerenge felemu ndi loko. Chachiwiri ndi mphepo. Geti lotseka paliponse limakola mphepo ngati thanga la bwato, ndipo miyezi ya mwera kapena nthawi ya akamvuluvulu m'chilimwe, likangosiyidwa losakhoma limamenyetseka mpaka mahinji kupindika. Geti la mipiringidzo ndi lopepuka ndipo mphepo imangodutsa, koma anapiye amatulukira m'mipata ndipo agalu a anansi amasuzumira mpaka kupeza polowera.

Maganizo anga ndi akuti muphatikize ziwirizi. Kuyambira pansi kufika cha m'chiuno aike shiti, ndipo kumtunda aike mipiringidzo yotalikirana masentimita osapitirira 10, kuti mutu wa mwana usalowe ndi kukanirira. Mukatero nkhuku zikhala m'kati, geti silidzalemera mopitirira, ndipo munthu akagogoda usiku mudzamuona nkhope musanatsegule. Zokongoletsa za maluwa ndi mikondo yopotapota zisiyireni geti lakutsogolo. Kuseri zimangowonjezera mtengo ndi timakona tosunga fumbi ndi madzi, m'mene dzimbiri limayambira.

Za kukula kwake, ganizirani chinthu chachikulu kwambiri chimene chidzadutsepo. Wilibala yodzaza manyowa, njinga yonyamula thumba la makala ndi njinga yamoto zonse zimadutsa bwino pa mamita 1.2. Ngati mukuona kuti tsiku lina galimoto idzafunika kulowa kudzatsitsa mchenga kapena kudzapopa thanki ya chimbudzi, pamenepo mpata ukhale wa mamita 3 kapena kuposerapo, ndipo geti likhale la zitseko ziwiri, china chokhala ndi chitsulo chotsikira m'kabowo ka pansi. Chitseko chimodzi chachitali chotero chimalemetsa mzati kwambiri. Litsegukire m'kati mwa bwalo lanu, osati kunjira imene anthu amadutsa, ndipo muyang'ane ngati nthaka ya m'katimo siikwera, chifukwa geti lotsegukira kumtunda limakakamira pansi lisanafike pakati.

Pa zitsulo zopangira geti lenilenilo, ndikupemphani kuti mupite nokha kogula pamodzi ndi mmisiriyo, kapena mutume mmodzi wa anyamata. Machubu amafanana kunja koma amasiyana makulidwe, ndipo akapakidwa penti palibe amene angasiyanitse. Felemu ikhale ya chubu cha mamilimita 40 mbali zonse, chokhuthala mamilimita 1.6 kapena 2. Chopyapyala kuposa apa chimabooka pochiwotcherera, ndipo dzimbiri likachigwira sichichedwa kudyeka. Mukanyamula machubu awiri ofanana kutalika, dzanja lokha limakuuzani lolemera, ndipo lolemeralo ndi limene mutenge.

Geti likatha, mukalione kumalo ake ogwirira ntchito lisanapakidwe chilichonse. Yang'anani m'makona. Powotcherera pabwino pamakhala mzere wosaduka wozungulira mfundo yonse, osati timadontho tiwiri titatu tomata, ndipo mukaona pena pamatidwa phala lija amatsekera mabowo a galimoto, funsani chimene chabisika pansi pake. Tengani tepi muyeze kuchokera pakona yapamwamba kumanzere kufika pakona yapansi kumanja, kenako muyezenso mbali inayo. Miyezo iwiriyi ikafanana ndiye kuti geti ndi loongoka, koma ikasiyana silidzakhala bwino pakati pa mizati ngakhale mizatiyo itaima bwino chotani. Aikenso chitsulo chimodzi chopingasa kuchokera kona ina kufika kona inzake, chifukwa ndi chimene chimaletsa mbali ya loko kugwa mphuno pakapita zaka.

Mahinji akhale atatu, okhuthala, oikidwa pamzere umodzi woongoka. Pali chinthu china chaching'ono chimene ambiri amaiwala: geti la mahinji ongovala pamwamba wakuba amalinyamula ndi kulivula loko ali chikhomere. Muuzeni mmisiri kuti hinji imodzi aitembenuze iyang'ane pansi, kapena awotcherere kachitsulo kotchinga pamwamba pa hinji kuti geti lisakwezeke. Pamalo pa loko apangepo kabokosi kachitsulo kophimba, kuti chodulira zitsulo chisapeze polowera ndiponso mvula isamalowe m'loko. Pansi pa geti pasiyidwe mpata wa masentimita 5, wokwanira kuti lisakhule koma wosakwanira kuti nkhuku ikwawire, ndipo ngati simenti yatsalako, awake kakhonde kakang'ono pansipo kuti agalu asafukule.

Dzimbiri limapewedwa tsiku loyamba lomwe. Chitsulo chatsopano chimabwera ndi mafuta, ndipo powotcherera pamatsala makoko akuda, choncho zonsezi zichotsedwe ndi burashi yawaya ndi kupukutidwa ndi thina penti isanakhudze. Ayambe ndi red oxide, penti yoteteza chitsulo ku dzimbiri, paliponse, makamaka m'makona, kunsi kwa felemu ndi gawo la mzati lolowa pansi, ndipo ikauma apake penti yamafuta kawiri, kudikira kuti yoyamba iume. Akamaliza kupachika, malo onse amene awotcherera pamalopo apakidwenso, chifukwa moto umapsereza penti ndipo ndi pamene dzimbiri limayambira. Kunsi kwa felemu aboole timabowo tiwiri kuti madzi olowa m'chubu azituluka. Ntchito yonseyi ndi bwino ithe mvula isanayambe mu Novembala, popeza penti yopakidwa pachitsulo chonyowa imasupuka. Pambuyo pake chimene chidzafunike kwa inu ndi girizi pang'ono m'mahinji kawiri pachaka, ndiponso kuuza ana kuti asamakwere pageti ndi kumayendetsana, ndi kuti manyowa a nkhuku kapena matumba a feteleza asamaunjikidwe patsinde pake, chifukwa zimenezi zimadya chitsulo msanga.

Pa malipiro, mulembe papepala makulidwe a zitsulo, chiwerengero cha mahinji ndi za penti, ndipo aliyense asunge lake. Perekani gawo loyambira ntchito, koma lotsalalo lidikire mpaka geti litapachikidwa ndi kuyesedwa. Kuyesa kwake n'kosavuta: litseguleni theka ndi kulisiya. Likaima pomwepo, mizati ndi mahinji zili bwino, koma likayamba kuyenda lokha ndiye kuti pena papendekeka, ndipo akonze musanamalize kulipira. Loko nayenso alowe popanda kukankha geti ndi bondo.

Mawa kukacha mutume mnyamata ayeze mpatawo malo atatu, pamwamba, pakati ndi pansi, chifukwa zipupa zambiri sizikhala zoongoka ndipo mmisiri ayenera kutsata muyezo waung'ono pa itatuyo, atachotsapo malo a mizati iwiri ndi a mahinji. Munditumizire miyezoyo pamodzi ndi chithunzi cha nthaka ya pamalopo, kuti ndikuwerengereni machubu ndi simenti zimene zikufunika musanapite kogula. Zikomo kwambiri, Azakhali.