Rumba ya ku Congo ndi ubale wake ndi Cuba

Achimwene, mwafunsa ngati n'zoona kuti rumba ya ku Congo, ija timavina pa maukwati, inachokera ku Cuba. N'zoona ndithu, koma inadzera njira yokhotakhota.

Cuba inali m'manja mwa Spain kwa zaka pafupifupi 400, ndipo ukapolo kumeneko unathetsedwa mochedwa zedi, mu 1886. Minda ya nzimbe, makamaka ya ku Matanzas, inkalimidwa ndi akapolo ochokera ku Congo ndi kwa Ayoruba. Kum'mawa kwa chilumbachi, cha ku Santiago de Cuba ndi Guantánamo, kayimbidwe ka anthuwa kanakumana ndi gitala ndi ndakatulo za Chisipanishi, n'kubadwa chamba chotchedwa son. Mu son mumalira tres, kagitala ka zingwe 6 zomangidwa ziwiriziwiri, timitengo tiwiri ta clave togogodana, ting'oma ta bongó, komanso marímbula, bokosi la tizitsulo tolizidwa ndi zala, limene aliyense wodziwa sansi angalizindikire. Mmodzi amatsogolera nyimbo, enawo n'kumavomereza.

M'zaka za m'ma 1920 son inali itagwira mzinda wa Havana. Mu 1930 gulu la Don Azpiazú linajambula El Manisero ku New York, nyimboyo n'kuyenda malonda koopsa, ndipo ogulitsa mbale za galamafoni anaitcha rhumba. Chonsecho rumba yeniyeni ya ku Cuba ndi ina: ng'oma ndi mawu basi, ya anthu osauka a m'madoko a Havana ndi Matanzas, amene ng'oma zikasowa ankaomba mabokosi. Ndiye chimene a ku Congo anatenga ndi son, koma dzina anatenga la pa mbale.

Kuyambira 1933 kampani ya HMV inkatulutsa mbale za nyimbo za ku Cuba zolembedwa GV, n'kumazigulitsa mu Africa. Zitafika ku Léopoldville, yomwe lero ndi Kinshasa, ndi kutsidya ku Brazzaville, anthu sanavutike nazo, poti kagundidwe kake sikanali kachilendo m'makutu mwawo. Poyamba oyimba ankangotsanzira Chisipanishi osachimva n'komwe, n'chifukwa chake mu nyimbo zina zakale mumamva mawu oti si Chilingala, si Chifalansa. Kenaka anayamba kupeka m'Chilingala. Joseph Kabasele anayambitsa gulu loyimba la African Jazz mu 1953, Franco ndi anzake OK Jazz mu 1956, ndipo zimene ku Cuba zinkalizidwa pa piyano ndi malipenga iwo anazisamutsira pa gitala yamagetsi.

Apa mpamene ndimasiyana ndi amene amati a ku Congo anangokopera. Sebene, pamene magitala amasiyidwa kuti alankhulane okha anthu atadzaza bwalo, ndi yawoyawo. Ku Havana simukaipeza. Ngakhale UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za chikhalidwe, inazilemba padera pa mndandanda wa chikhalidwe choyenera kutetezedwa: rumba ya ku Cuba mu 2016, ya ku Congo mu 2021.

Ngati muli ndi bandulo yokwanira, yambani ndi Arsenio Rodríguez, katswiri wa tres wosaona amene makolo ake akale anachokera ku Congo, kenaka muike African Jazz, mumve nokha. Mukafunefunenso vidiyo ya Celia Cruz, woyimba wa ku Cuba, akuyimba ku Kinshasa mu 1974 ndi gulu la Fania All-Stars, pa chikondwerero chimene chinakonzedwa chifukwa cha nkhonya ya Muhammad Ali ndi George Foreman.