Kodi makompyuta angatiuze pomwe nyanja idzafike?

Mayi wina wa ku Salima wandilembera imelo. Iye ndi amuna awo adagula malo kufupi ndi gombe ku Senga Bay ndipo akufuna kumangapo nyumba zogona alendo. Chawadetsa nkhawa ndi zomwe zidachitika mu 2024, pomwe nyanja ya Malawi idakwera n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota. Funso lawo ndi ili: "Akuti kuli makompyuta olosera nyengo ya zaka 30 zikubwerazi. Koma a zanyengo nthawi zina amaphonya ngakhale mvula ya mawa. Tiwakhulupirire bwanji? Nanga angatiuze poika maziko?"

Mayi, funso lanu ndi lomveka. Kulosera mvula ya mawa ndi kuwerengera nyengo ya zaka zambiri ndi ntchito ziwiri zosiyana. Mukatereka phala pamoto simungadziwe kuti thovu lotsatira liphulikira mbali iti ya mphika, koma mukasonkhezera nkhuni mukudziwa ndithu kuti liwira kwambiri. Makompyuta aja amagwira ntchito yachiwiriyi. Amagawa dziko lonse lapansi m'timabokosi, n'kuwerengera momwe dzuwa, mphepo, nyanja zamchere ndi mpweya woipa wochokera ku malasha ndi mafuta zimakankhirana chaka ndi chaka.

Vuto lake, bokosi limodzi lotere limakula pafupifupi makilomita 100 mbali iliyonse. Senga Bay, mapiri a Dedza ndi chigawo cha nyanja zingathe kugwera m'bokosi limodzi. Pali ntchito yotchedwa CORDEX yomwe imachepetsa mabokosiwa kuti chithunzi cha Africa chioneke bwinoko, komabe sichifika pa puloti yanu.

Pa nkhani ya kutentha, pafupifupi makompyuta onse amagwirizana: Malawi apitirira kutentha. Amagwirizananso kwambiri kuti mvula yamphamvu yogwa nthawi imodzi ichuluka. Pomwe amasemphana ndi pa kuchuluka kwa mvula ya chaka chonse, makamaka kumpoto kwa nyanja komwe kumachokera madzi ambiri, kudzera m'mitsinje monga Songwe, South Rukuru ndi Ruhuhu wa ku Tanzania. Ena amati ichuluka, ena amati ichepa.

Apa ndi pomwe pagona nkhani, chifukwa nyanja yathu ili ndi khalidwe lakelake. Madzi ambiri omwe imataya amauluka ndi dzuwa. Otuluka pa mtsinje wa Shire ndi gawo lochepa chabe. Choncho mvula ikasintha pang'ono, kapena kutentha kukawonjezeka pang'ono, zaka zingapo motsatizana, nyanja imakwera kapena kuphwa kwambiri. Mbiri ikuchitira umboni. Kuyambira cha m'ma 1915 mpaka 1935 nyanja idatsika mpaka madzi adaleka kutulukira mu Shire. Mu 1980 idakwera kufika pafupifupi mamita 477 pamwamba pa nyanja yamchere. Cha m'ma 2016 ndi 2017 idatsikanso, makina a magetsi ku Nkula ndi Tedzani adasowa madzi, tonse tikukumbukira mdima wa zaka zimenezo. Pasanathe zaka khumi, madzi omwewo adali m'zipinda za alendo.

Ndiye makompyuta athandiza chiyani ngati sagwirizana? Ine ndimaona kuti kusagwirizanako ndiye uthenga wake. Akutiuza kuti tikonzekere mbali zonse ziwiri. Oyang'anira Kamuzu Barrage ku Liwonde (zitseko zowongolera madzi a mu Shire), yomwe idamangidwa mu 1965 n'kudzakonzedwanso pambuyo pake ndi thandizo la World Bank, amakumana ndi chisankho chimenechi chaka chilichonse. Akatsegula kwambiri, madzi amasefukira ku Chikwawa ndi Nsanje, ndipo chilala chikabwera magetsi ndi ulimi wothirira zivutika. Akatseka, a m'mbali mwa nyanja alira. Njira yanzeru ndi kuyesa malamulo otsegulira zitsekozo pa nyengo zonse zomwe makompyuta apereka, yonyowa ndi youma yomwe, n'kusankha lamulo lomwe silitigwetsa m'dzenje kulikonse komwe nyengo ingalowere. Pomanga milatho ndi madamu n'chimodzimodzi. Namondwe Ana adawononga Kapichira mu Januwale 2022, Freddy adakokolola midzi ndi milatho mu Malichi 2023. Kumanganso potsata muyeso wa mvula ya makedzana n'kutaya ndalama.

Tsono za maziko anu. Palibe kompyuta yomwe ikupatseni nambala ya mamita oti muyambire kukumba, ndipo wina akakulonjezani nambala yotere muchenjere naye. Funsani akuluakulu a m'deralo, makamaka asodzi, akuonetseni pomwe madzi adafika mu 1980 ndi mu 2024. Pitani ku National Water Resources Authority mukafunse za kakweredwe ka nyanja ndi mtunda womwe malamulo salola kumangapo, komanso ku khonsolo ya boma la Salima. Mukapeza malire akale, bwererani kumtunda kuposa pamenepo, poganiziranso mafunde a mwera omwe amakankha madzi kupitirira pomwe nyanja yaima. Zimbudzi ndi thanki ya zonyansa zikhale kumtunda kwenikweni, chifukwa zikamira zimaipitsa madzi omwe anthu a m'mudzimo amamwa. Kufupi ndi madzi ikaniko zisakasa ndi mipando yoti mungazule nyanja ikabwera, ndipo bango ndi mitengo ya pagombe musadule.