Mpanda wa nsungwi ndi nkhawa ya aneba

Wowerenga wina wandilembera imelo kuti akufuna kubzala nsungwi kuti zikhale mpanda wa dimba lake, koma akuopa kuti zidzafalikira kwa aneba. Akufunsa ngati kuzidulira pamwamba kawirikawiri kungaziletse.

Ayi ndithu, chifukwa nsungwi zimayendera pansi. Chimene ambiri amati ndi muzu, kwenikweni ndi tsinde la mfundo lokwawa m'nthaka, ndipo mphukira zimatulukira pa mfundozo. Ndiye nkhani yonse yagona pa mtundu umene mugule. Mitundu ya Phyllostachys imaponya matsinde aataliatali, moti mphukira imadzabowola nthaka mamita angapo kuchoka pamene munabzala. Mitundu ya Bambusa ndi Fargesia imaphukira pafupi ndi kholo, nkumakula ngati phata limodzi. Pa mpanda, ine ndimalimbikitsa Bambusa multiplex m'madera otentha, ndi Fargesia kozizira. Bambusa vulgaris siyenda, koma imapitirira mamita 10, dimba lonse nkukhala mumthunzi. Wogulitsa akalephera kukuuzani dzina lenileni, chonde musagule.

Ngati munabzala kale zoyendazo, musataye mtima. Matsindewa sazama, ambiri amakhala m'masentimita 30 apamwamba. Kumbani ngalande yakuya chomwecho mbali zonse za mpanda, muthiremo mchenga kapena masamba ouma, ndipo kawiri pachaka muzifukula nkudula ndi khasu lakuthwa tsinde lililonse lofuna kuwoloka. Chidutswa chodulidwacho muchizule chonse, pakuti chikatsala chimaphukanso. Ena amakwirira pulasitiki yolimba ya HDPE yozama masentimita 60 mpaka 75, nkusiya masentimita 5 kumtunda kuti tsinde lodumpha lizioneka. Njirayi imathandiza, koma ine ndimakhulupirira ngalande kwambiri, chifukwa imakukakamizani kuyang'ana. Mukatchinga ndi simenti, imang'aluka, ndipo tsinde silichedwa kupeza mng'alu.

Mphukira yotulukira posayenera ithyoleni ikadali yanthete, siimeranso.

Kudulira kumene mukunenako kuli ndi ntchito ina. Nsungwi imamaliza kutalika m'miyezi iwiri kapena itatu yoyamba, ndipo ikadulidwa siitalikanso, imangochulukitsa masamba m'nthambi. Dikirani mphukira zatsopano zitambasule nthambi, kenako dulani pamwamba pang'ono pa mfundo kuti madzi asadikhe m'mphako. Chaka chilichonse chotsaninso nsungwi zokalamba ndi zouma, kudulira pansi penipeni, kuti zatsopano zipeze kuwala.