Thiranki ya ambuya anu musaiotche, musaigulitsenso zidutswazidutswa

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Chilenje. Ndaifupikitsa:

"Ambuya anga aamuna anachoka ku Katete ali mnyamata kukagwira ntchito m'mafamu a fodya ku Southern Rhodesia. Kumeneko anaphunzira kusema miyala, ndipo anabwerera kuno nkhondo itakula. Anatisiya kalekale. Pokonza m'nyumba tapeza thiranki yawo. Muli chitupa, malisiti, makalata a Chingerezi, zithunzi ndi miyala iwiri yosema. Munthu wina wogula zinthu zakale akufuna miyala ndi zithunzi zokha. Amalume akuti zotsalazo ndi zinyalala, tiotche. Kodi ndichite bwanji?"

Amayi, choyamba bisani machesi. Amalume muwalemekeze monga mwa nthawi zonse, koma pa nkhani iyi alakwa. Wogulayo naye mumuuze kuti banja likukambirana. Kuti mumvetse chifukwa chake, ndikusimbireni za munthu wina amene anayenda njira yofanana ndi ya ambuya anu.

Dzina lake ndi Fanizani Akuda, ena ankamutchula Fanizani Phiri. Anabadwa mu 1932 kuno kwathu, dziko likadali Northern Rhodesia. Sukulu sanapiteko. Mu 1949 anawoloka Zambezi kukafuna ntchito monga ankachitira anyamata ambiri a kum'mawa, ndipo anagwira iliyonse imene yapezeka: kutola thonje, ya njerwa, kuluka madengu, mpaka anakhala woyang'anira famu. Panthawiyi n'kuti asanagwirepo tchizulo chosemera mwala.

Chimene chinasintha zinthu ndi ndale. Pa 11 November 1965 boma la Ian Smith ku Rhodesia linalengeza ufulu wake popanda chilolezo cha Britain, maiko n'kuyamba kukana kugula katundu wa Rhodesia. Fodya anasowa msika. Mlimi wina wobadwira ku South Africa, Tom Blomefield, anali ndi famu pafupi ndi Guruve, makilomita ngati 150 kumpoto kwa Harare, pa mtandadza wa mapiri a Great Dyke pamene pali mwala wa serpentine wochuluka. Wosema wina, Crispen Chakanyuka, ndiye anamutsegula maso kuti mwala umenewu ukhoza kudyetsa anthu. Mu 1966 famuyo inasanduka mudzi wa osema wotchedwa Tengenenge. Ndipo ambiri mwa amene anayamba kusema pamenepo anali antchito a m'mafamu ochokera ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi Angola: Achewa, Ayao, Ambunda. Mmodzi mwa oyambirira, Lemon Moses, anali wochokera ku Malawi.

Fanizani atafika pa Tengenenge anayamba ndi kukumba miyala kuti anzake aseme. Pambuyo pake anatenga zida nayenso, ndipo dzanja lake linadziwika msanga. Nkhope zake n'zozungulira, zomwetulira, maso ongong'amba kamzere ngati munthu amene dzuwa lamuthobwa. Ankakonda kusema mabanja atakumbatirana, anthu ndi nyama ali pamodzi, ndiponso mitu ya anthu oimba mluzu, yokhala ndi kabowo kamodzi pakamwa. Mu 1975, nkhondo yomenyera ufulu wa Zimbabwe itafika ku dera la Guruve, anasamukira ku Chitungwiza, ndipo anasemera komweko mpaka imfa yake mu 2011. Miyala yake ili m'manyumba ndi m'magalari a ku Ulaya ndi ku America.

Tsopano mvetserani apa, chifukwa ndi pamene pagona yankho langa. Luso lonseli dziko lapansi limalitchula kuti "Shona sculpture". Dzinali linamera mizu m'masiku a Frank McEwen, mkulu woyamba wa galari yaikulu ya ku Salisbury (Harare ya lero) imene inatsegulidwa mu 1957, ndipo linamveka kutali miyala ya ku Rhodesia itaonetsedwa ku Musée Rodin ku Paris mu 1971. Dzina lotere limagulitsa bwino, koma linameza anthu. Mchewa wa ku Chipata kapena Myao wa ku Mangochi akasema mwala, ukafika ku London unkasanduka wa Chishona basi. Fanizani tikumudziwa kuti ndi wathu chifukwa anatchuka kwambiri moti olemba mabuku anamufunsa kumene anachokera. Nanga anzake aja amene anasema zaka zisanu kapena khumi, nkhondo n'kuwabalalitsa? Mwala sutchula mudzi wa mwini wake. Pansi pake mungapeze dzina limodzi lozokotedwa, mwina lolembedwa molakwika, kwatha. Chimene chimalumikiza mwalawo ndi munthu, mfunda wake, mfumu yake ndi chaka chimene anausema ndi mapepala omwewo amene amalume akufuna kuotcha.

Tengani chitupa chija. Atsamunda anachipanga kuti azilondola munthu wakuda pamene ali, ndipo makolo athu ankadana nacho. Koma lero chimakuuzani dzina, mudzi, mfumu, boma limene munthu anachokera, ndipo kawirikawiri mabwana amene anamulemba ntchito. Kwa munthu amene sanasiye buku la moyo wake, mbiri yake ndi yomweyo. Malisiti nawo musawaderere. Lisiti lochokera ku galari limanena tsiku, dzina la chosema, mtengo, nthawi zina ndi wogula. Mukaika malisiti makumi awiri mu ndondomeko ya zaka, mudzaona pamene ambuya anayamba kugulitsa, pamene dzina lawo linakwera, ndi pamene msika unafa. Makalata a Chingerezi aja mwina anachita kuwawerengera ena, mayankho n'kulembetsanso kwa kalaliki kapena mwana wa sukulu. Zimenezo siziwachotsera mtengo. Envulopu yokha, ndi sitampu ndi chidindo cha positi, imakuuzani kumene anali m'chaka chakuti.

N'chifukwa chake wogula uja ndikumukayikira. Iye akudziwa kuti chithunzi cha wosema ataima pambali pa mwala wake ndi umboni wakuti mwalawo ndi weniweni, ndipo umboni umakweza mtengo. Akatenga miyala ndi zithunzi, inu mutsala ndi mapepala osaloza kanthu, iyenso atenga miyala yopanda mudzi. Zinthu izi zimalankhula zikakhala pamodzi. Kugulitsa si tchimo, mavuto a ndalama tonse tikuwadziwa, koma muyambe mwadziwa chimene muli nacho.

Ine ndinaphunzira mochedwa. Atamwalira atate aakulu, amene anagwira ntchito ku migodi, tinasesa m'nyumba pambuyo pa maliro n'kuotcha zonse zooneka zakale. Lero ana akandifunsa chaka chimene anapita ku Kitwe ndimangoyang'ana kudenga.

Zochita zake si zovuta. Musasokoneze m'mene mapepala anaikidwira, chifukwa kalata ndi lisiti zopindidwa pamodzi mwina ndi nkhani imodzi. Jambulani chilichonse ndi foni, kutsogolo ndi kumbuyo, pakhonde pamene pali kuwala koma dzuwa silikuomba, ndipo zithunzizo mutumize kwa abale awiri kapena atatu. Mapini ndi mastepulo adzimbiri muwachotse pang'onopang'ono. Selotepu ayi. Ku lamineshoni musapite nazo ngakhale anyamata a m'tauni akunyengerereni bwanji, chifukwa pepala likamatidwa m'pulasitiki ndi moto silitulukanso. Musazimangenso m'jumbo, pakuti nthawi ya dzinja chinyezi chimatsekeredwa momwemo nkhungu n'kumera. Ikani m'mafayilo a pepala, thiranki muikweze pa thabwa kutali ndi khoma, ndipo muzisuzumiramo chifukwa cha chiswe ndi mphemvu. Polemba maina kuseri kwa zithunzi gwiritsani pensulo yofewa, osati bolopeni. Miyala ija ingoipukutani ndi nsalu youma. Osema amawalitsa miyala poitenthetsa n'kuipaka phula, choncho vanishi kapena polishi ya nsapato zingoiononga.

Koma chofulumira kuposa zonsezi ndi anthu. Ngati ambuya aakazi, alongo awo kapena mnzawo wa ku Halale akadali moyo, pitani Loweruka lino ndi shuga ndi buledi, muyale zithunzi pamphasa, foni izijambula mawu. Musawapanikize ndi mafunso a zaka. Afunseni kuti uyu ndani, famu iyi inali ya yani, munabwera bwanji pobwerera, gule ankavina kumeneko kapena ayi. Amalume omwewo muwaitane. Mudzadabwa kuti amene amati zinyalala ndi amene akudziwa maina ambiri.

Mukatero mutha kufunsa akatswiri. National Archives of Zambia ili ku Ridgeway, ndipo kupatula mafayilo a boma imasunganso mapepala a anthu ndi mabungwe. Lusaka National Museum ili pa Independence Avenue. Ku Showgrounds kuli Henry Tayali Gallery, kumene mungakumane ndi osema ndi ojambula odziwa miyala. Tayali mwiniwakeyo, amene anasema "The Graduate" wa pa UNZA, anabadwira ku Serenje koma anakulira ku Bulawayo, choncho nkhani ya kuwoloka Zambezi si yachilendo pakati pawo. Ngati lisiti lina lili ndi dzina la Tengenenge kapena la galari ya ku Salisbury, lemberani National Gallery of Zimbabwe ku Harare, mutumize chithunzi cha pansi pa mwala pamene pali dzina.

Kulikonse kumene mungapite, tsiku loyamba nyamulani makope okha. Mukadzaganiza zopereka mapepala enieniwo, pakhale chikalata chonena ngati mwapereka kotheratu kapena mwangosungitsa, ndiponso kuti banja lili ndi ufulu wowaona. Asayine ndi anthu awiri a m'banja, mmodzi akhale amalume.

Ndipo mukandilemberanso, mundiuze dzina limene lazokotedwa pansi pa miyala iwiriyo, ndi mmene alilembera.