Kumene kunachokera mayina a makadi a poker

Achimwene, mwafunsa kuti bwanji mukamaonera poker pa YouTube olengeza amatchula "ducks", "Dolly Parton" kapena "Doyle Brunson" pomwe wosewera wangogwira makadi awiri. Yankho lake lili ku America, makamaka ku Texas.

Mu Texas Hold'em, womwe ndi mtundu wina wa poker, aliyense amayamba ndi makadi awiri obisika, amene amawaphatikiza ndi makadi asanu oikidwa poyera patebulo, ndipo mitundu ya awiri obisikawo ilipo 169. Masewerawa anakulira m'manja mwa otchova njuga amene ankayenda tauni ndi tauni ku Texas, mpaka anakafika nawo ku Las Vegas m'zaka za m'ma 1960. Munthu amachezera patebulo usiku wonse, makadi ambiri n'kumangotaya, ndiye pakamwa sipakhala chete. Mayina ochuluka anabadwa m'macheza oterowo.

Ena ndi ongotengera maonekedwe. Ma 2 awiri ndi ducks chifukwa 2 amapindika ngati khosi la bakha, ma Jack awiri ndi fishhooks chifukwa J ndi mbedza yeniyeni. King ndi 9 amati canine, poti K-9 imamveka ngati liwu la Chingerezi lonena za galu. Makadi a 9 ndi 5 anatenga dzina la woimba wa ku America Dolly Parton chifukwa cha nyimbo ndi filimu yake ya mu 1980 ya 9 to 5.

Koma dzina limene ine limandigwira mtima ndi la 10 ndi 2. Awa ndi makadi ofooka, oti munthu wodziwa amataya osaganiza kawiri. Mu 1976, pa mpikisano waukulu wa World Series of Poker ku nyumba ya njuga ya Binion's Horseshoe ku Las Vegas, katswiri wa poker Doyle Brunson anatsala awiri ndi Jesse Alto. Brunson anagwira 10 ndi 2, Alto anali ndi Ace ndi Jack, ndipo makadi atatu oyamba apatebulo anatuluka Ace, Jack ndi 10, kutanthauza kuti Alto anali patsogolo kwambiri. Kenako kunabwera 2, pomaliza 10, Brunson n'kupeza full house, ma 10 atatu ndi ma 2 awiri. Chaka chotsatira, mu 1977, anakumana ndi Gary Berland, ali ndi 10 ndi 2 yemweyo m'manja, ndipo anapambananso ndi full house yomweyo. Tangoganizani, zaka ziwiri zotsatizana! Brunson anamwalira mu May 2023 ali ndi zaka 89, koma aliyense akagwira makadi amenewa amatchulabe dzina lake.

Pa dead man's hand, makadi a munthu wakufa, muzisamala ndi zimene anthu amafotokoza. N'zoona kuti Wild Bill Hickok, katswiri wa mfuti wotchuka wa ku America, anawomberedwa ndi Jack McCall pa 2 August 1876 akusewera makadi m'bala ina m'tauni ya Deadwood. Koma nkhani yoti anagwira ma Ace awiri ndi ma 8 awiri akuda inafala kudzera m'buku la Frank Wilstach la mu 1926, patapita zaka 50. Dzinalo linalipo kale, ndipo cha m'ma 1880 ena ankalitchulira makadi ena ndithu. Hickok sankasewera Hold'em, ankasewera poker ya makadi asanu m'manja. Osewera a masiku ano angobwereka dzinalo n'kulipatsa Ace ndi 8.

Pali dzina limodzi limene sindilikonda. Ace ndi King, amene ambiri amati Big Slick, ena amawatcha Anna Kournikova, dzina la katswiri wakale wa tenisi wa ku Russia, potengera zilembo A ndi K, ati chifukwa amaoneka bwino koma sapambana. Uku n'kunyoza mayi amene anagwira ntchito yake molimbika. Inde, sanatengepo chikho cha WTA, bungwe la tenisi ya amayi, akusewera yekha, koma anapambana Australian Open ya awiriawiri mu 1999 ndi 2002 pamodzi ndi Martina Hingis. Ngakhale makadiwo akuwanamizira, chifukwa Ace ndi King ali m'gulu la amphamvu kwambiri poyambira.

Ndiye ngati mukuphunzira masewerawa, achimwene, dzina lisakukopeni. Makadi a 7 ndi 2 osiyana mtundu amawatcha hammer, kutanthauza nyundo, dzina lomveka mwaukali, koma ndi amene osewera ambiri amawayesa oipitsitsa mwa onse 169 aja.