Shamu inaphunzitsa mwana wanga kubisa

Mayi inu amene mwafunsa chochita ndi mwana wanu amene amanama, anthu amene akukuuzani kuti mwana wanu wonamayo muzimukwapula mpaka asiye, chonde musawamvere. Ine ndinamvera, ndipo mpaka lero ndikaona chipsera pachikhatho cha mwana wanga mtima umandipweteka.

Wanga anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Apongozi anga nyimbo yawo inali imodzimodzi, "Kuwongola mtengo mpoyamba, inu mukumulekerera." Vesi la pa Miyambo 13:24, lija lonena za kulanga mwana ndi shamu, silinkachoka pakamwa pawo. Ndiye ndinayamba kumukwapula pa chilichonse, kaya wataya madzi, kaya wang'amba kope. Mwana anakhaladi phee, apongozi n'kumandiyamikira pamaso pa anthu, ine n'kumadziona ngati mayi wodziwa kulera.

Tsiku lina anaswa tambula yagalasi ine kulibe. Potola zidutswa kuti akataye ndisanabwere, chimodzi chinamucheka kwambiri. Sananene. Anazimanga yekha ndi sokosi yakuda, masiku awiri athunthu akuyenda dzanja lili m'thumba, ine n'kumamukalipiranso kuti watengera kuti mayendedwe amwano. Usiku wachitatu thupi linatentha ngati moto. Pomuvula malaya ndinapeza sokosi itamatirira pabala, dzanja litatupa, mafinya akununkha. Kuchipatala namwino anamufunsa kuti bwanji sunawauze amayi ako. Iye anandiyang'ana kaye, kenako chapansipansi, "Akanandimenya." Ndinalakalaka nthaka itang'ambika ndilowemo.

Mukudziwa zimene apongozi ananena titabwerera? Ati ndikanamukwapula mokwanira sakanaswa tambulayo! Anthu awa kulangiza ndiye akatswiri, koma usiku umene mwana ankabuula iwo anali kuliza mkonono. Ngakhale kufunsa kuti dzanja lili bwanji, ayi ndithu.

Kenako ndinayamba kuwerenga. Ku Sweden analetsa kumenya ana ngakhale pakhomo mu 1979. Kafukufuku wina wa mu 2016 anaphatikiza zotsatira za ana oposa 160,000 ndipo anapeza kuti kukwapula sikuthandiza mwana kumvera, m'malo mwake kumayendera limodzi ndi ukali komanso nkhawa. Mu 2018 bungwe la madokotala a ana ku America linauza makolo kuti asiye. Komatu nazonso za m'mabuku zija, zoti mwana akhale pakona mphindi imodzi pa chaka chilichonse cha msinkhu wake, kwa ine sizinagwire. Wanga ankangoyimba pakonapo.

Chimene chinathandiza n'chakuti akanena zoona sindimukhudza, timangokonza limodzi zimene wawononga. Zinatenga miyezi kuti akhulupirire. Wanuyo mufunseni mwakachetechete, muli awiriwiri, kuti akuopa chiyani.

Koma musachite kumunyengerera mopitirira, ana ndi ochenjera, akaona kuti mayi afewa amakukwerani pamutu. Sabata yatha yomweyi wamng'ono wanga anathamangira mumsewu galimoto ikubwera, ndinamuwomba kamodzi kumatako ndipo sindinapepese.